Matenda ndi amodzimodzi, koma wina akuyenda wina tinakaika

Pamaliro kuno ku Harare, kaya ndi ku Mabvuku, ku Mufakose, ku Dzivarasekwa kapena ku Epworth, woyankhulira banja akaimirira kuti afotokoze momwe zovuta zagwera mawu ake amakhala pafupifupi omwewo. Malemu amadwala BP. Malemu mtima unakula. Mwanayu magazi anamuthera. Anthu timangoti mmm, azimayi nkuyambitsa nyimbo, nkhani yathera pompo. Koma pakati pa anthu omwe akhala pasiwa pomwepo pamakhala ena omwe akudwala matenda omwewo, ena akhala nawo zaka khumi nkuposa, akuyenda, akugulitsa kumsika, akulera adzukulu. Ndiye anthu amayamba kunong'onezana kuseli kwa nyumba kuti nanga bwanji uyu wapita msanga chonchi pomwe auje nawonso amadwala omwewa, ndipo yankho lomwe limabwera mwachangu mukulidziwa kale, amati apa pali dzanja la munthu.

Ine ndimasunga buku la sosaite yathu ya maliro, ya ife ochokera kumudzi ku Malawi ndi ana obadwira konkuno, nde nkhani za odwala zimandipeza olo ndisazifune, ndipo ndaperekeza anthu ambiri kuchipatala, kukhala nawo pa benchi, kuwamasulira zomwe adokotala akunena poti agogo athu ena Chishona chakuchipatala chimawadutsa. Zomwe ndaona ndi zoti dzina la matenda silinena zambiri. Chomwe chimanena zambiri ndi pomwe matendawo afika tsiku lomwe munthu akukumana ndi dokotala. Anthu awiri atha kulembedwa mawu ofanana pa khadi, koma wina matenda angoyamba kumene, wina awononga kale mapapo ndi impso, ndipo awiriwa tsogolo lawo silingafanane olo amwe mankhwala amodzi. Zimandiwawa chifukwa zizindikiro zoti matenda akukula timaziona ndi maso athu kunyumba, kungoti sitidziwa kuti zomwe tikuonazo ndi zomwezo adokotala amafunsa.

Amalume anga, achimwene awo a mayi anga, ndi telala, asoka zovala zaka zambiri ku Mbare. BP anawapeza nayo kalekale pa kiliniki, anawapatsa mapilisi, anamwa miyezi ingapo, mutu utasiya kuwawa iwo nkusiyanso kumwa, amvekere ndachira. Zaka zinadutsa palibe chomwe chimaoneka. Choyamba chomwe ine ndinaona ndi nsapato. Munthu woti sangalowe mu tchalitchi osavala nsapato yopolisha anayamba kubwera atavala patapata, ndipo pokwera kamtunda kochokera pomwe timatsikira kombi amaima kawiri katatu ngati akudikira munthu. Nditapita kukawaona kunyumba ndinapeza pabedi pali mapilo atatu osanjikiza, ndi bulangete lopinda pamwamba pake. Ndinagwada pansi nkudina msongolo wawo ndi chala, chala chinalowa, ndipo nditachichotsa kadzenje kanatsala pompo osabwerera.

"Amalume, miyendoyi yayamba liti kutupa chonchi?"

"Aa mphwanga, nkukhalitsa pa mashini uku, usade nkhawa."

Akazi awo ndi omwe ananena zoona zake. Anati abambowa sakugona, akangoti agone chagada akumadzambatuka akubanika, kutsokomola, kutsegula zenera, nde masiku ano akungochezera pampando mpaka kucha.

Titafika kuchipatala adokotala asanayike nkomwe chomvera pachifuwa anayamba ndi mafunso omwewa. Mumayenda mtunda wautali bwanji musanatope? Mumagonera mapilo angati? Mukasamba kapena kuvala mumapuma wefuwefu? Apa nkuti akuwaika pa mlingo. Madokotala a mtima padziko lonse amagwiritsa ntchito magawo anayi omwe anakhazikitsidwa ndi bungwe la New York Heart Association, ndipo ndi osavuta kumva moti aliyense wa ife atha kuwadziwa. Gawo loyamba mtima uli ndi vuto koma munthu akugwira ntchito zake zonse osamva kanthu. Lachiwiri akukwera masitepe a mafulati a ku Matapi kapena kusenza chigubu kuchokera ku mjigo amabanika kuposa momwe amachitira kale, koma akakhala pansi ali bwinobwino. Lachitatu ndi pomwe tintchito ting'onoting'ono, kusesa mchipinda, kupita kuchimbudzi chapanja, kwayamba kumulemera. Lachinayi akubanika atangokhala, osachita chilichonse. Amalume anafika ali pa lachinayi.

Kenako anawajambula mtima ndi makina aja amati echo, amayendetsa kachipangizo pachifuwa atapaka mafuta ozizira, mtima nkumaoneka ukugunda pa sikirini. Pali nambala yomwe amayang'ana, imanena kuchuluka kwa magazi omwe mtima ukutulutsa pa kugunda kulikonse. Mtima wabwino umatulutsa pakati pa 50 ndi 70 peresenti ya magazi omwe alowa mchipinda chake chachikulu. Ikatsika kufika 40 kapena pansi amati mtima wafooka. Ya amalume inali 25. Adokotala anafotokoza kuti BP ikakhala yokwera zaka zambiri mtima umakankha magazi movutikira, poyamba mnofu wake umakhuthala, kenako umatanuka ngati mphira wa legeni woti wakokedwa mopitiriza mpaka subwereranso mwakale, ndipo ukafika pamenepo magazi amabwerera m'mbuyo, madzi nkumadzadza m'mapapo, m'miyendo, m'mimba, chiwindi kutupa, impso nazo kuyamba kuvutika chifukwa sizikulandira magazi okwanira. Kubanika kwa usiku kuja ndi madzi omwe masana amakhala m'miyendo, munthu akagona amasamukira kuchifuwa.

Pano ndikufuna muone kusiyana kwake. Kumpingo kwathu kuli mayi ena a msinkhu womwewo, iwonso anawapeza ndi BP nthawi yomweyo, mwinanso yawo inali yokwererapo. Iwo anagwira mapilisi awo osasiya, kakhadi kawo ka ku kiliniki kanachita kuda ndi kusindikizidwa, ndalama ikasowa amagula olo a sabata imodzi ku famase m'malo moti adumphe, mchere anachepetsa. Lero akugulitsabe tomato ndi masamba, m'mawa uliwonse ali pa Mbare Musika kukapikula. Pa khadi lawo ndi la amalume mawu oyamba ndi amodzi. BP payokha, yoyambira pa 140 ndi 90 kupita m'mwamba, ikagwidwa isanakhudze chiwalo chilichonse ndi matenda a mapilisi otchipa monga amlodipine, nifedipine kapena HCT, ndipo munthu amakalamba nayo. BP yomweyo ikafooketsa mtima, kapena kuphulitsa mtsempha mu ubongo munthu nkufa ziwalo, kapena kupha impso mpaka kufuna dialysis, makina osefa magazi m'malo mwa impso, yasanduka nkhani ina, ndalama zake zina, zaka zotsala zinanso.

Izi si zongoona ine ayi. Mu 2012 kunatuluka kafukufuku wamkulu wotchedwa THESUS-HF, yemwe anatsatira odwala 1,006 omwe anagonekedwa ndi mtima wofooka m'mayiko 9 a mu Africa muno, kuphatikizapo Mozambique ndi South Africa. Anapeza kuti chomwe chinayambitsa vutoli mwa anthu ambiri ndi BP, ndipo zaka zawo pakatikati zinali 52 zokha, pomwe ku Ulaya matendawa amagwira kwambiri okalamba a zaka za m'ma 70. Pomwe miyezi isanu ndi umodzi imakwana, pafupifupi 18 pa odwala 100 aliwonse anali atamwalira. Zaka 52 ndi munthu woti akulipirabe fizi, ana sanamalize sukulu. Ndipo awa ndi anthu oti anafika pogonekedwa, kutanthauza kuti matenda anali atakula kale.

Nkhani yomwe imandilasa mtima kwambiri ndi ya achinyamata. Kuli matenda a mtima omwe amayamba ndi zilonda zapakhosi, zomwe zija mwana amadandaula kuti sakutha kumeza ife nkumupatsa madzi amchere kapena Panado basi. Zambiri zimatha zokha, koma zina zimabwera ndi kachilombo kotchedwa streptococcus, ndipo mwa ana ena thupi likamalimbana nako limasokonezeka nkuyamba kumenya mtima wake womwe. Pakapita masabata awiri atatu mwana amatentha thupi, mawondo ndi zigongono kuwawa mosinthanasinthana, lero bondo mawa kakolo. Zikadutsa timati wachira. Koma zikabwerezabwereza, tizitseko ta mu mtima tomwe madokotala amati ma valve timachita zipsera, tina timauma osatseguka bwino, tina timadontha. Matendawa akapezeka adakali aang'ono chithandizo chake ndi jakisoni wa benzathine penicillin kamodzi pa masabata atatu kapena anayi aliwonse kwa zaka zambiri, amawawa inde, koma amatseka njira kuti chitseko chisapitirire kuwonongeka. Akapezeka chitseko chitatheratu palibe piritsi lomwe lingachikonze, pamafunika opareshoni yotsegula chifuwa.

Pa matenda amenewa panachitikanso kafukufuku wotchedwa REMEDY, ndipo Malawi inali m'gulu la mayiko 12 a mu Africa omwe anatenga nawo mbali, pamodzi ndi India ndi Yemen. Odwala anali 3,343, ambiri azimayi, zaka zapakatikati 28. Atawatsatira zaka ziwiri anapeza kuti pafupifupi 17 pa 100 amwalira. Ndipo atafufuza kuti amene amamwalira kwambiri ndi ati, anali omwe chitseko chinawonongeka kwambiri, omwe mtima unafooka kale, omwe anali pa gawo lachitatu ndi lachinayi lija, ndi omwe mtima wawo unkagunda mosokonekera. M'mayiko osauka imfa zinali pafupifupi 21 pa 100 pomwe m'mayiko olemererapo monga South Africa ndi Namibia zinali 12.5. Ndikawerenga zimenezi ndimaona zinthu ziwiri zitagwirana, kukula kwa matenda ndi umphawi, chifukwa wosauka ndi yemwe amafika mochedwa ndipo ndi yemwenso opareshoni saipeza.

Kuno ku chipatala cha Parirenyatwa maopareshoni otsegula mtima anayambiranso mu 2023, ndipo ndi nkhani yabwino kwambiri chifukwa kupanda apo njira imakhala ya ku India kapena ku South Africa, ndalama zoti banja la telala kapena wogwira ntchito m'munda wa kumayadi silingazione. Koma opareshoni nayo imayang'ana pomwe matenda afika. Wopita ku fiyeta mnofu wa mtima udakali ndi mphamvu amadzuka bwino, wopita mtima utatanuka kale, mapapo atalimba, impso zitafooka, ngozi yake ndi yayikulu, ndipo ena madokotala amafika ponena kuti apa sitingayerekezenso. Komanso amene waikidwa chitseko chachitsulo amamwa warfarin moyo wake wonse ndipo amayezetsa magazi pafupipafupi, mayeso aja amati INR, chifukwa mankhwalawa akachepa magazi amaundana pachitseko, akachuluka munthu amataya magazi. Mtsikana wotere akafuna kutenga mimba ayenera kukambirana kaye ndi madokotala, si nkhani yongobisa kwa apongozi ayi.

Poti ndatchula mimba, azimayi anzanga ndi abambo omwe mumvetse ichi. Kuli kufooka kwa mtima komwe kumabwera mwezi womaliza wa mimba kapena miyezi ingapo mayi atachira. Amatupa, amabanika, ndipo aliyense amati nzauchembere izi zitha. Ambiri omwe apezeka msanga mtima usanafooke kwambiri amachira mpaka mtima kubwerera mwakale, koma omwe nambala ya echo ija yatsikiratu pansi mwayi wobwerera umachepa ndipo mimba yotsatira itha kuwapha. Mayi wa khanda woti sakutha kugona chagada asadikire tsiku la sikelo.

Tsopano za magazi. Timangoti magazi achepa, koma kuchepa kwake nkosiyana kwambiri, ndipo kuli ndi nambala yomwe aliyense ayenera kufunsa akayezedwa, amati Hb. Kwa bambo iyenera kukhala 13 kupita m'mwamba, kwa mayi 12, kwa woyembekezera 11. Munthu wa Hb 10 amangomva kutopa, chizungulire akaimirira, ndipo nthawi zambiri mapilisi a iron, mankhwala a njoka zam'mimba ndi chakudya chabwino zimamukweza, bola apezenso chomwe chikumudyera magaziwo. Ikatsika pansi pa 8 kwa wamkulu, kapena pansi pa 7 kwa woyembekezera ndi mwana wamng'ono, ndiye kuti zafika poipa. Ikafika 4 kapena 5 mtima umathamanga kuti timagazi tochepato tizungulire thupi lonse, umatopa, ndipo munthu amafa ndi mtima ngakhale vuto linayambira ku magazi. Nchifukwa chake matenda a mtima ndi a magazi sindiwasiyanitsa kwenikweni, amakokana. Mayi wa Hb 12 akataya magazi pobereka amapirira, wa Hb 7 akataya omwewo tikhoza kumutaya.

Ndinaona izi pa mdzukulu wa mnzanga wa m'sosaite. Ife a kuno tili ndi chizolowezi chopita kumudzi pa Khrisimasi, basi kudutsa Nyamapanda, Tete, kukalowa pa Mwanza, kukaonetsa ana kwa agogo awo. Harare ili pamtunda, malungo kuno ndi osowa, nde ana obadwira kuno thupi lawo silinazolowere malungo ngati anzawo a ku Mangochi kapena ku Nsanje. Kamnyamata aka kanabwerako kali bwino, patapita masiku kanayamba kutentha thupi, anthu nkumati ndi chimfine chakusintha kwa mphepo. Nditakaona kanali kagone pamphasa, kosalira nkomwe, kakupuma mofulumira. Ndinatambasula kadzanja kake nkukayika pambali pa dzanja la mayi ake, chikhatho cha mayi chofiira, cha mwana choyera mbee, ndi mizere yomwe yosaoneka. Kutsitsa chikope chapansi, mkati moyera. Ndinati, "Achemwali, nyamulani mwana tizipita, ndipo tikafika mawu oyamba muwauze kuti munali ku Malawi." Anamupeza ndi malungo, Hb ili pa 4, anamuika magazi usiku womwewo ndipo ali moyo. Mawu oti tinali ku Malawi ndi ofunika chifukwa nesi wa ku Harare sayamba waganiza za malungo pa mwana wa ku Mufakose mukapanda kumuuza za ulendo.

Koma chomwe anthu ambiri sadziwa ndi choti mwana yemwe magazi anatsika chonchi sakhala kuti wapulumuka tsiku lomwe watuluka. Ofufuza a kwathu anatsatira ana omwe anagonekedwa ku Blantyre ndi ku Chikwawa ali ndi Hb yosafika 5, zotsatira zake zinatuluka mu 2008. Pafupifupi 6 pa 100 anamwalira ali m'chipatala, koma pafupifupi 13 pa 100 anamwalira atatuluka, mkati mwa miyezi 18, kuposa kutali ana anzawo omwe magazi awo sanatsike choncho. Ndiye kuti kukula kwa matenda kumamutsatira munthu mpaka kunyumba. Nchifukwa chake mu 2022 bungwe la WHO linalangiza kuti ana otere m'madera a malungo ambiri azipatsidwa mankhwala oteteza malungo kwa miyezi ingapo atatuluka. Ife tikamva kuti mwana watuluka timapita ndi sobo ndi buledi kukasangalala, tsiku la review nkuiwalika, pomwe miyezi imeneyo ndi yoopsa.

Magazi oika aja sachokera kumwamba, amachokera kwa anthu omwe apereka ku National Blood Service Zimbabwe, ndipo ambiri opereka ndi ana a sukulu za sekondale, nde nthawi ya holide nkhokwe zimachepa, nthawi yomweyonso ngozi zapamsewu zimachuluka. Ife akuluakulu athanzi tingaperekenso.

Pali matenda ena a magazi obadwa nawo omwe kukula kwake kumalembedwa munthu asanabadwe. Sickle cell ndi chitsanzo. Wotengera kwa kholo limodzi amakhala bwinobwino, mwina moyo wonse osadziwa. Wotengera kwa makolo onse awiri ndi yemwe amadwala, ndipo makolo onse akakhala onyamula, pa mimba iliyonse mwayi woti mwana adwale ndi umodzi pa inayi. Maselo ofiira a munthu wabwino amakhala masiku pafupifupi 120, a mwana uyu amafa pa masiku 10 mpaka 20, komanso amapindika nkutseka timitsempha, nde mwana amatupa manja ndi mapazi adakali khanda, maso achikasu, mafupa kuwawa mpaka kukuwa. Ana ena amadwala mwa apo ndi apo, ena amagwa sitiroko asanafike zaka khumi. M'mabanja mwathu mwana wotere amamunena zambiri, mayi ake amalozedwa chala, pomwe zachokera mbali zonse ziwiri. Mwana wodziwika msanga, yemwe akumwa penicillin ndi folic acid, walandira katemera, ndipo ngati akudwala pafupipafupi waikidwa pa hydroxyurea, amakula, amaphunzira. Kwa mwana uyu kutentha thupi si kodikira kuti kuche.

Hemophilia, matenda oti magazi saundana, ndi yomwe imaonetsa poyera zomwe ndikunenazi chifukwa mlingo wake ndi wa manambala enieni. Amayeza kuchuluka kwa chinthu choumitsa magazi chomwe chikusowa. Wochepera 1 peresenti amataya magazi mkati mwa mawondo ndi zigongono popanda kugwa, mpaka kulumala ngati sathandizidwa. Wa pakati pa 1 ndi 5 zimamuchitikira akavulala. Wa 5 mpaka 40 atha kukula osadziwa kanthu mpaka tsiku lozula dzino kapena la mdulidwe. Imagwira kwambiri anyamata ndipo imadzera kwa mayi. Abale athu omwe mumatumiza ana ku jando, ngati pakati pa abale aamuna a mayi ake a mwana panakhalapo wina woti akachekedwa magazi sasiya, kayezetseni mwanayo kaye.

Nanga nchifukwa chani timafika mochedwa? Ndalama ndi yoyamba, sindingabise, echo ndi mayeso a magazi zimafuna madola ndipo munthu wodya zomwe wapeza tsiku lomwelo amawerengera kuti tsiku la pamzere kuchipatala ndi tsiku la njala kunyumba. Koma ifeyo tili ndi china chowonjezera. Makolo athu ambiri anakhala zaka ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo, ena opanda chitupa nkomwe, ndipo ngakhale malamulo a dziko a 2013 anavomereza kuti wobadwira kuno kwa kholo lochokera m'mayiko a SADC ndi nzika, mantha a pawindo la ofesi sanawachoke agogo athu. Ndamvapo agogo ena akunena kuti akandifunsa chitupa ndikayankha chani, uku miyendo yatupa mpaka m'ntchafu. Enanso amayamba kaye kwa aneneri ndi kwa asing'anga, miyezi nkumapita. Ine ndine wopemphera ndipo sindiletsa munthu kupemphereredwa, koma ndimakwiya ndi aliyense wouza wodwala mtima kuti ataye mapilisi kuti aonetse chikhulupiriro, chifukwa amene amakanyamula wodwalayo usiku kufunafuna galimoto si iyeyo. Ndipo pali kupirira kwathu kuja, makamaka azibambo, kudikira mpaka agwe kuti anthu asati ndi ofooka.

Koma ndisakusiyeni ndi mantha okha, chifukwa gawo lomwe munthu wafikapo si chigamulo chomaliza. Munthu amatha kutsika kuchoka pa lachinayi kubwerera pa lachiwiri. Amalume anagonekedwa, anawabaya Lasix kuti madzi atuluke, anakodza usiku wonse, ndipo patapita masiku anagona chagada koyamba pa miyezi yambiri. Anatuluka ndi enalapril, spironolactone, kenako anawonjezera carvedilol pang'onopang'ono. Lasix amachotsa madzi munthu nkumva bwino, koma enawo ndi omwe amatalikitsa moyo, nde amene amasankha kugula okodzetsa okha poti ndi omwe akuwamva kugwira ntchito akudzinamiza. Pano amalume abwerera pa mashini, amasoka theka la tsiku. Mtima wawo sunabwerere mwakale ndipo adokotala anatiuza mosabisa kuti sudzabwerera, adzagonekedwanso nthawi zina, ndipo kugonekedwa kulikonse kumachotsako kenakake. Akanapitiriza mapilisi aja a pachiyambi mwina bwenzi lero tikukamba za BP basi.

Palinso ena omwe matenda afika poti madokotala achita zonse. Apa banja limafunika kumva zoona, osati kugulitsa sitandi nkumathamangira kuchipatala ichi ndi icho. Kuno kuli Island Hospice, yomwe inayamba mu 1979, yoyamba ya mtundu wake mu Africa, ndipo ntchito yake ndi kuthandiza kuti wodwala wotere asamve ululu, asabanike, banja lidziwe momusamalira kunyumba. Kupita kumeneko si kumutaya munthu. Ndaona odwala akuvutika masiku awo omaliza chifukwa abale amaopa kuti anthu ati amutopera.

Mukaperekeza wodwala musangobwerako ndi dzina la matenda. Funsani kuti afika pati, echo yati chani, Hb ili pa zingati, impso zili bwanji, ndi zizindikiro ziti zomwe zikaoneka tibwerenso osadikira deti. Lembani mu kabuku chifukwa mwezi wamawa mupeza dokotala wina. Madokotala ambiri amayankha bwino akafunsidwa mwaulemu, ife ndi amene timangoti zikomo nkutuluka. Kwa wa mtima wofooka sikelo ya m'nyumba ndi yofunika ngati mankhwala, adziyeza m'mawa uliwonse, akakwera ndi makilo awiri pa masiku atatu amenewo ndi madzi, apite. Apewenso mapilisi aululu monga ibuprofen ndi diclofenac omwe timangogula pa tebulo mumsewu, amasunga madzi m'thupi ndi kupweteka impso.

Pa msonkhano wa sosaite wa mwezi wamawa ndikukapempha kuti tichotseko pang'ono m'thumba tigule kamakina koyezera BP, tizikhala tikuyezana tisanayambe kusonkha, ndipo yemwe yake yakwera tizimulembera tsiku loti wina amuperekeze ku kiliniki. Ndikudziwa kuti akuluakulu ena akana, ati ndalama ya maliro ndi ya maliro ndipo malamulo athu salola, nde ndayamba kale kuyankhula ndi azimayi mmodzimmodzi kuti pofika tsikulo tikakhale ambiri.